Mmene Adona Analandirira Anapiye a m'Katoni

Kwa ana anga, Yohane ndi Esinati, ndi kwa aliyense amene pepalali lidzamufike.

Ndikulemba pofuna kuika m'ndondomeko zimene zinachitika pakhomo pathu ku Hopley, m'mphepete mwa mzinda, chaka chija mvula inadula pakati pa dzinja. Mwakhala mukufunsa pa foni kuti njinga yanga inapita kuti, ndiponso chifukwa chimene amalume anu a ku Glen Norah anakhalira miyezi isanu osatilankhula. Amayi anu amayankha mafunso amenewa moseka. Ine ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe molemba, mwezi ndi mwezi, popanda kubisa mbali yanga.

Kwa amene sakundidziwa, ndine Jailosi Mbewe. Ndinabadwira pa famu. Bambo anga anabwera m'dziko lino wapansi kuchokera ku Dedza, koma ine ku Dedza sindinafikeko. Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'nyumba yolerera anapiye, ndipo kulemba ndinaphunzira pokopera makalata amene kalaliki wa pa famupo ankataya. Ntchito itatha tinasamuka kangapo, kufikira tinapeza chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba ya Mai Rudo, mayi wa Chishona wamasiye. Mkazi wanga ndi Naphiri.

NOVEMBALA

Munda wathu si munda weniweni. Ndi kachigawo ka m'mbali mwa msewu, ndipo malire ake ndi miyala ndi matayala akale. Tinabzala mvula yoyamba itagwa, mbewu inamera bwino, ndipo ndinalemba m'kabuku kanga kuti chaka chayamba mwadongosolo.

Chuma chathu pa nthawiyo chinali zinthu ziwiri. Choyamba, njinga imene ndinkanyamulira anthu nkhuni, zigubu za madzi ndi matumba a simenti. Chachiwiri, nkhuku imodzi yaikazi, yofiira, yachikuda. Naphiri anaipatsa dzina lakuti Adona, chifukwa inkayenda pang'onopang'ono ikuyang'ana munthu ndi diso limodzi, monga ankachitira mkazi wa mwini famu. Ndigwiritsa ntchito dzinali m'kalata yonseyi popeza ndi limene linazolowereka. Tambala tinalibe, choncho mazira a Adona anali odya basi, osati oswa.

Ndiyenera kunena pano maganizo amene ndinali nawo pa nkhuku imeneyi. Pa famu, munthu wogwira ntchito ku anapiye sankaloledwa kusunga nkhuku kunyumba kwake. Polowa m'khola tinkaponda m'madzi a mankhwala. Anapiye ankabwera m'mabokosi, tinkawakhuthulira pansi pa nyali zotentha, ndipo ankakula osaona mayi. Kwa ine nkhuku yachikuda inali chonyamulira chitopa ndi utitiri. Naphiri anakulira pa famu ya fodya, kumene nkhuku zinkayenda mwaufulu pa komboni, ndipo iye ankaziona mwina. Kusiyana kumeneku kunalibe vuto mpaka chaka chimenecho.

JANUWALE NDI FEBULUWALE

Mvula yomaliza yooneka inagwa Januwale asanafike pakati. Pambuyo pake mitambo inkasonkhana masana, mphepo n'kuimwaza. Chimanga chinamasula chikadali m'chiuno mwa munthu. Masamba ake ankapindika m'mawa, osati masana okha, ndipo amene analimapo amadziwa tanthauzo lake.

Ufa unakwera mtengo sabata ndi sabata. Tinasiya kugula thumba, tinayamba kugula timapaketi ta m'mbali mwa msewu timene kuno amati tsaona, tokwana kuphika kamodzi. Tinkadya madzulo okha. Kunamveka mphekesera yakuti kukubwera chimanga cha thandizo, ndipo anthu awiri anadutsa ndi kope akulemba mayina. Ena ankati amene chitupa chawo chikusonyeza kuti ndi alendo sadzalandira, ena ankati adzalandira pomalizira. Sindikuimba mlandu aliyense, chifukwa chimangacho sichinafike kwa munthu aliyense mumzere wathu wa nyumba, mlendo kapena mwini dziko.

Anansi athu anayamba kusankha zochita. Ena anatumiza ana kumidzi kwawo. Banja la kutsogolo kwathu linakhoma chitseko n'kupita lonse. Mai Rudo anandifunsa tsiku lina, pondiitana Sekuru monga amaitanira mwamuna wachikulire, kuti, "Sekuru, nanga inu simupita kumudzi kukadikira kuti chaka chidutse?"

Ndinayankha kuti, "Mayi, mudzi wanga ndi chipinda chimene mumatibwereka."

Anaseka, kenako anasiya kuseka, chifukwa anaona kuti ndanena zoona. Ku famu kunali eni ena. Ku Dedza kunalibe wondidziwa nkhope. Kumbuyo kunalibe njira, kutsogolo kunalibenso.

M'masiku amenewo dzira la Adona linali ndiwo. Naphiri ankaliphwanyira m'madzi ndi tomato mmodzi, n'kukwana anthu awiri. Nthawi zina ankalisinthanitsa ndi mchere. Ndiye chakumapeto kwa Febuluwale Adona anasiya kuikira. Anakhala m'dengu lawo kuseri kwa mgolo, nthenga zili nyankhalala, akulira cha kukhosi munthu akayandikira. Ankafuna kufungatira.

Ndinachita zimene ndinkadziwa. Ndinawagwira miyendo n'kuwamiza m'ndowa ya madzi mpaka m'khosi, katatu, masiku awiri otsatizana. Naphiri anandipeza tsiku lachiwiri.

"Bambo a Yohane, mukuwabatiza? Alowa mpingo uti?"

"Ndikuchotsa kutentha kwa pamimba. Nkhuku yofungatira siikira, ndipo pa famu nkhuku yosaikira inkapita ku mpeni."

"Pa famu. Kodi tili pa famu pano? Famu yanuyo inatisiya pamsewu ndi mabulangete pamutu."

Patapita masabata awiri Adona anayambiranso kuikira, ndipo ndinaona kuti ndapambana. Koma kuyambira pamenepo ankati akandiona, n'kuthawira pansi pa mgolo.

MALICHI

Ntchito ya njinga inatha. Munthu wopanda ufa salipira wina kuti amunyamulire chigubu, amasenza yekha. Ndinkakhala pa mphambano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera ndikukankha njinga yopanda kanthu.

Ndinaganiza mofatsa ndipo ndinafika pa mfundo iyi: chinthu chimodzi chokha chimene ndimachidziwa kuposa anthu onse a mumzere wathu ndi kulera anapiye. Ndinauza Naphiri kuti ndigulitsa njinga, ndigule bokosi la anapiye makumi awiri ndi asanu a tsiku limodzi, a mtundu wolimba umene kuno amati marodirana, pamodzi ndi thumba laling'ono la chakudya chawo. Akakula tidzakhala ndi mazira ogulitsa ndi nkhuku zoswa zina.

Naphiri anafunsa funso limodzi. "Muwafunditsa ndi chiyani? Magetsi kulibe kuno."

"Ndi mbaula."

"Makala ake?"

"Ndawerengera."

"Chabwino. Njinga ndi yanu, miyendo ndi yanunso."

Njinga inagulidwa ndi mnyamata wogulitsa buledi. Kusitolo ya zaulimi m'tauni anandiuza kuti ofuna anapiye achuluka, ndilembetse dzina ndipo ndidzatenge sabata yoyamba ya Meyi. Ndinalipira, ndinalandira lisiti, ndinaipinda m'Baibulo. Kuchokera tsiku limenelo zonse zimene tinali nazo zinali papepala limenelo. Anapiye akanafa, sitikanakhala ndi njinga, kapena munda, kapena chogulitsa china.

Mai Rudo atamva anaima pakhomo pathu manja ali m'chiuno. "Sekuru, makumi awiri ndi asanu? Pabwalo langa lino? Ndiye zovala ndiziyanika pamutu panu?" Tinagwirizana kuti zikakula ndidzawapatsa misoti iwiri, ndiponso kuti nkhuku ikangojompha masamba a m'dimba lawo, tidzafune kwina kokhala.

EPULO

Tinakolola tsiku limodzi, m'mawa wokha. Zitsononkho zambiri zinali ndi njere zowerengeka, ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Titatonola, chimanga chonse sichinadzaze ndowa. Mapesi tinawasiya, chifukwa panalibe ngakhale mbuzi yowadya.

Sabata yachiwiri ya mweziwu Adona anakhalanso m'dengu, nthenga nyankhalala. Ndinatenga ndowa. Naphiri anali atangofika kuchokera ku mjigo, kumene pa nthawiyo munthu ankaima pamzere kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kukwera. Anatula chigubu n'kuchikhalira.

"Madzi awa ndaimira ine. Mukafuna obatizira, mjigo mukuudziwa."

"Mayi a Yohane, tikufuna mazira."

"Tikufuna mayi wa anapiye anuwo. Asiyeni akhale. Akakwanitsa masabata atatu, chilichonse cholira pansi pawo amati ndaswa ndine."

Ndinafotokoza mwaulemu kuti kusakaniza anapiye a kusitolo ndi nkhuku ya pabwalo ndi kulakwira malamulo onse a ulimi wa nkhuku, ndipo kuti pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sindinaonepo zimenezo.

"Mukanaziona bwanji? Munkawatsekera kunja amayi awo."

Ndiyenera kuvomereza kuti sindinagonje chifukwa chokhutira ndi mfundo yake. Ndinagonja chifukwa sindinafune kukaima pamzere wa amayi ku mjigo ndi ndowa ya nkhuku. Naphiri anachotsa mazira awiri amene anali m'dengu, tinadya, ndipo m'malo mwake anaikamo nthangala za mapeyala zisanu ndi ziwiri zimene anatola kumsika. Anathira phulusa pansi pa udzu kuopa utitiri. Adona anazikokera pansi ndi mlomo, n'kuzikhalira mwaulemu wonse.

M'masabata amenewo ndiwo zathu zinali masamba a maungu ouma ndi mchere. Ndinkadutsa pa mgolo n'kuona nkhuku yathunthu ikufungatira zinyalala za kumsika ife tikugona ndi njala, ndipo mtima unkandiwawa.

Mkati mwa masabata omwewo kunabwera alamu anga, a Sandikonda, achimwene ake a Naphiri, amene amakhala ku Glen Norah. Anabwera pa minibasi imene kuno amati kombi, atavala jekete, atatenga sopo ndi shuga pang'ono. Panali patapita zaka ziwiri asanaponde pakhomo pathu. Inu ana mukudziwa mwambo wathu: mlendo wotere saonetsedwa masamba pamene nkhuku ilipo pakhomo. Ndipo anaiona, chifukwa mpando umene tinawapatsa unayang'ana ku mgolo.

Ndinaitanira Naphiri kuseri. Ndinati, "Palibe kuchitira mwina. Bweretsani mpeni."

"Ndi achimwene anga, si anu. Manyazi ake ndisenza ine."

"Adzati Mbewe ndi woumira."

"Adzatero. Koma mawa adzadya kwawo. Nanga ife?"

Tinawapatsa masamba. Anadya nthongo zitatu, anasamba m'manja, n'kunena akuyang'ana ku mgolo kuti, "Alamu, nkhuku yanu ili ndi thanzi. Ioneka ndi yolemekezeka kuposa ena a ife."

Ndinayesa kufotokoza za anapiye. Anafunsa kuti ali kuti. Ndinati ali pa lisiti. Anafunsa kuti nkhukuyo ikufungatira mazira angati. Naphiri anayankha yekha kuti ikufungatira mapeyala. Alamu anadzuka, anavala chipewa, ndipo anakana kuti ndiwaperekeze kokwerera kombi.

MEYI

Kuzizira kunayamba msanga chaka chimenecho. Ndinakatenga anapiye Lachiwiri, ndinawanyamula pamiyendo m'kombi, nditaphimba bokosi ndi jekete langa. Anali akuda ndi amawangamawanga, onse amoyo, onse a maso owala. Ndinawawerenga kawiri.

Naphiri anati tiwaike kwa Adona usiku womwewo, ochuluka monga angakwane. Ndinakana. Ndinati njinga inali yanga, ntchito ndi yanga, ndipo sindingapereke chuma chathu chonse kwa nkhuku imene yasokonezeka mutu ndi mapeyala. Ndinadula makatoni n'kupanga mpanda wozungulira wopanda ngodya, monga tinkachitira pa famu, ndinayala utuchi, ndinaika mbaula pakati nditaitchinga ndi waya.

Dongosololi linali lolondola. Chimene sindinawerengere ndi chipinda chathu. Makoma ake ndi osapaka, denga ndi la malata, ndipo malo ake ndi omwewo ogonamo ife. Ndikatseka chitseko, mpweya wa makala unkatipweteka mutu ndipo anapiye ankayamba kuwodzera moipa. Ndikatsegula, mphepo inkalowa ndipo ankaunjikana, apansi n'kupsinjika. Usiku wonse ndinali kutseka ndi kutsegula. Kutacha ndinatola akufa asanu ndi mmodzi.

Usiku wachiwiri makala amene ndinawerengera sabata yathunthu anali atatsala theka. Ndinachepetsa moto. Kutacha ndinatola asanu. Naphiri anatenga zigubu n'kupita ku mjigo.

Apa ndi pamene ndinachita cholakwa chachikulu, ndipo ndichilemba monga chinachitikira. Nditatsala ndekha, ndinavomereza mumtima kuti njira yanga yalephera. Koma ndinafuna kuti Naphiri akabwera apeze nkhani yatha kale ndi manja anga. Dzuwa lili pamutu, ndinanyamula katoni, ndinapita kuseri kwa mgolo, n'kukhuthula anapiye khumi ndi anayi patsogolo pa Adona, onse nthawi imodzi, monga ndinkakhuthulira mabokosi pansi pa nyali.

Adona anaona munthu amene anawamiza m'madzi akuwathira gulu la alendo pakhomo. Anatukumuka, anatuluka m'dengu ngati moto, n'kuyamba kujompha pamutu. Pamene ndinkawakankha, awiri anali atagona kale, ndipo dzanja langa linali kutuluka magazi. Mai Rudo anathamanga ndi tsache poganiza kuti kwalowa njoka.

Naphiri anafika ndili chogwada, ndikutolera otsala m'chipewa. Anatula chigubu. Anayang'ana m'chipewa, anayang'ana awiri apansiwo, anayang'ana ine.

"Masana?"

"Masana."

"Onse pamodzi?"

"Onse pamodzi."

"Inu, wina atakutulirani ana khumi ndi anayi pakhomo masana, n'kunena kuti ndi anu, mungavomere?"

Mai Rudo anaseka mpaka anagwira khoma, koma Naphiri sankaseka. Anawerenga otsala. "Khumi ndi awiri. Ndiwo angakwane m'mapiko mwawo. Mwawerengera bwino, akalaliki." Kenako ananena motsitsa mawu kuti anapiye afika tsiku lachitatu, ndipo akapitirira pamenepo sadzadziwanso kulowa pansi pa nkhuku. Ananenanso kuti Adona awaona kale ngati adani, ndipo sakudziwa ngati adzaiwala. Makala anali okwana usiku umodzi. Mwayi unatsala umodzi, wa madzulo omwewo.

Ndilemba njira yake mwatsatanetsatane, chifukwa ndi yofunika kusungidwa. Choyamba anadikira kuti Adona abwerere okha pa mapeyala awo. Chachiwiri anamwetsa anapiye madzi ofunda a shuga uja anabweretsa alamu, anawaika m'katoni pamodzi ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'nsanza, n'kuphimba ndi chitenje. Dzuwa litapendeka anaika katoniyo kuseri kwa dengu, pamene Adona akanamva kulira koma osaona olira. Anati mwanapiye amayamba kulankhula ndi mayi wake akadali m'dzira, ndipo mayi amayamba kumudziwa ndi khutu, maso amabwera pambuyo.

Tinakhala patali. Kwa nthawi yaitali kunkamveka anapiye okha. Kenako, chisisira chitayamba, tinamva Adona akuyankha pansipansi, kulira kwina kumene ndinali ndisanakumvepo, kofewa, kodukizadukiza. Naphiri anandigwira bondo kuti ndisasunthe.

Mdima utagwira bwino, ananyamuka. Ndinanyamukanso, ndikutulutsa tochi ya pa foni.

"Zimitsani. Ndipo musayandikire. Manja anu amawadziwa."

"Ndiye ine ndichite chiyani?"

Analoza nyali ya sola ya Mai Rudo, imene kuwala kwake kunkafika kuseri kwa mgolo. Sitikanapempha kuti izimitsidwe, chifukwa mayiwo ankagulitsa tomato pakhomo pawo madzulo. Naphiri anandipatsa chiguduli. "Imani apo, mutambasule. Kuwala kusadutse."

Chotero ine, Jailosi Mbewe, amene ndinalera anapiye osawerengeka, ndinaima pakati pa nyali ndi mgolo, manja ali m'mwamba, nditatambasula chiguduli, nditafulatira ntchito yonse. Sindinaone kanthu. Zimene ndikulemba apa ndinazimva ndi makutu ndipo zina Naphiri anandiuza pambuyo pake. Anayamba wapukuta manja ake ndi udzu wa m'dengu. Ankatenga mwanapiye mmodzi atamubisa m'chikhatho, kulowetsa dzanja chakumbuyo pansi pa phiko, kumusiya, n'kutuluka ndi nthangala imodzi ya peyala. Kenako ankadikira mpaka Adona atakhazikika, asanatenge wina.

Mapewa anayamba kundiwawa pa mwanapiye wachinayi. Pa wachisanu ndi chiwiri ndinamva Adona akukalipa ndi Naphiri akukoka mpweya ndi mano, ndipo ndinadziwa kuti wajomphedwa. Ndinafuna kucheuka.

"Musatsitse," ananong'ona.

Munthu wina wodzagula tomato anafunsa Mai Rudo kuti mkuluyo akupemphera mpingo wanji. Mai Rudo anayankha kuti, "Musiyeni, akulipa machimo." Sindinatsitse manja. Kulira kwa m'katoni kunkachepa mmodzimmodzi, mpaka kunatheratu. Amene analerapo anapiye amadziwa kuti mwanapiye wozizidwa sakhala chete. Kukhala chete kumeneko kunali ndi matanthauzo awiri okha, kufunda kapena kufa, ndipo sitikanadziwa lenileni mpaka kuwala kutabwera, pamene nkhuku imaona chimene yagona nacho.

Naphiri anatchinga dengu ndi lata n'kunena kuti tikagone. Makala otsala tinaphikira phala.

Kutangoyamba kuyera tinali kale kuseri kwa mgolo, ine patali monga ndinalamulidwa. Naphiri anachotsa lata, anamwaza chakudya cha anapiye pa chivindikiro cha poto, n'kubwerera m'mbuyo. Adona anakhala osasuntha, ali otambalala kuposa masiku onse. Kenako kamutu kakuda kanatuluka pakati pa nthenga za pachifuwa. Adona anapendeketsa mutu, anakayang'ana ndi diso limodzi lija, ndipo anatsitsa mlomo. Ndinatseka maso.

Nditatsegula, anali akukakankhira m'kati.

Patapita kanthawi anadzuka, anatuluka m'dengu mosamala ngati munthu wovala nsapato zatsopano, anajompha chakudya, anachigwetsa, n'kuitana. Anatuluka onse. Ndinawerenga katatu. Khumi ndi awiri. Ndinasuntha phazi limodzi kuti ndione bwino, ndipo Adona anatambasula mapiko n'kundithamangira mpaka pakhomo la chimbudzi.

"Basi," anatero Naphiri akupukuta m'maso ndi chitenje. "Akukutetezerani chuma chanu kwa inu nomwe."

JUNI MPAKA SEPUTEMBALA

Sindinena kuti njala inatha, chifukwa sinathe. Juni ndi Julayi anali ovuta kuposa miyezi yonse. Adona sanaikire dzira nthawi yonse imene ankalera. Thumba la chakudya litatha, ndinkayenda wapansi kukasesa madeya ku chigayo ndi kukumba chiswe m'mbali mwa munda uja. Ndinamanga mpanda wa mapesi aja tinasiya m'munda ndi maukonde akale a udzudzu kuti dimba la Mai Rudo lisakhudzidwe, chifukwa denga lathu linadalira pamenepo. Ndinayambanso kuima pamzere ku mjigo, popeza wina ankayenera kutsala akuyang'anira akabawi, ndipo Adona ankalola Naphiri yekha. Amayi a pamzere anandiseka sabata imodzi, kenako anazolowera.

Khwangwala anatenga mmodzi. Wina anafa ndi matenda amene sindinawadziwe. Anakula khumi: misoti isanu ndi umodzi, atambala anayi. Misoti iwiri inapita kwa Mai Rudo monga mwa pangano. Atambala awiri tinagulitsa n'kugula thumba la ufa lathunthu, loyamba kuchokera mu Januwale. Mmodzi tinasunga wa mbewu. Zimenezi ndizo zokolola zathu za chaka chimenecho.

Tambala wachinayi, wamkulu pa onse, ndinamumanga miyendo Loweruka lina mu Seputembala, ndinamuika m'khwapa, ndipo ndinayenda wapansi mpaka ku Glen Norah. Alamu anandipeza pageti ndili ndi fumbi mpaka m'maondo. Anayang'ana tambala nthawi yaitali.

"Uyu ndi wa pa lisiti uja?"

"Ndi yemweyo, alamu."

"Mwana wa mapeyala?"

"Ndi yemweyo."

Anatsegula geti. Anaitana akazi awo kuti abweretse madzi ndi mpando, ndipo anauza mwana kuti asabweretse mpeni, tambalayo ayambe wayenda pabwalo anthu amuone.

Pomaliza, ndikudziwitsani mmene zinthu zilili lero. Tikadali m'chipinda chomwe chija. Njinga sindinagule ina. Mudzi wopitako tilibe, monga kale. Adona akalamba, saikiranso kawirikawiri, ndipo alendo angapo awayang'anapo ndi diso la ndiwo, koma nkhani ya mpeni inatsekedwa pakhomo pano ndipo amene anaitseka ndine. Chaka chino alera kale gulu lachitatu la m'katoni. Mpaka lero sandilola kuyandikira dengu.

Chiguduli chija musachitaye mukadzabwera. Chili pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndi chida changa cha ntchito.

Ndine bambo wanu,
Jailosi Mbewe,
wogwira chiguduli.